Miyeso ya Mayi a Mkwati

Lachitatu lija madzulo, m'shopu ya Telala munali anthu anayi. Munali Telala mwini wake, mwana woyamba pakhomopo, tepi yoyezera ili m'khosi ngati mkanda. Munali mng'ono wake, Mkwatibwi, amene ukwati wake unali Loweruka lomwelo, moti mano anali panja kuyambira Lolemba. Munali Azakhali, amene anabwera kudzathandiza kusita, ngakhale kuti pakamwa ndi pamene pankagwira ntchito kwambiri. Munalinso Mayi, owabereka atsikana awiriwo, atakhala pakona akusokerera mabatani, maso ali pa aliyense.

Amene panalibe nawonso atchulidwe, chifukwa kusaoneka pa ntchito ya banja ndi ngongolenso. Mwamuna wa Telala anali pa ulendo ndi lole ya kuntchito. Ameneyo alibe mlandu. Koma Mlamu, amene analonjeza ndi pakamwa pake kuti abwera kudzathandiza, sanaoneke ngakhale chithunzithunzi. Ndi Mlamu yemweyo amene anabwereka chingwe cha magetsi cha mabowo anayi, n'kunena kuti mawa ndibweza. Papita miyezi isanu, mawa lakelo silinache. Ndiye m'shopu monse munatsala soketi imodzi ya mabowo awiri, ndipo onse awiri anali a kompyuta: lina la bokosi, lina la sikirini.

Kompyuta imeneyo inali pa katebulo kuseri kwa makina osokera. M'menemo ndi mmene Telala ankasunga kaundula wa miyeso ya anthu ake onse, wa zaka zitatu. Ukatsegula, munthu aliyense anali ndi mzere wake: dzina, phewa, chifuwa, chiuno, dzanja, kutalika. Akamuyeza munthu ankalemba pakapepala, madzulo n'kulowetsa m'kompyuta, kapepalako n'kutaya. Ankanyadira kwambiri. Ankati makoswe sadya kompyuta.

Zovala za kuchikazi zinali zitatha kale, zili ndandanda pa waya. Zotsala zinali madiresi asanu ndi anayi a kuchimuna. Amayi amenewo amakhala kutali, ulendo wa tsiku lathunthu. Telala anawayeza kamodzi kokha, miyezi itatu m'mbuyomo atabwera kudzacheza, ndipo amayenera kufika Loweruka m'mawa, kutsika basi n'kuvala. Nsalu yake inachedwa kubwera. Anaigula ndi mayi a mkwati eni ake, kwawo komweko, yokwanira ndendende popanda yotaya.

Mayi a mkwatiwo ndi mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito, munthu amene kuseka kwake n'kogula. Iwo ankafuna kuti asoke ndi telala wawo. Atawachonderera, anavomera ndi mawu amodzi: "Chabwino, tione ngati kumeneko kuli manja." Mawu amenewo anamulowa Telala mpaka m'mafupa. Diresi limenelo likanapanda kukhala bwino, mng'ono wake akanalowa m'banja la eni atanyamula manyazi pamutu.

Madzulo amenewo Telala anali atayala nsalu pathebulo, choko chili m'manja. Anatsegula mzere wa mayi a mkwati kuti ayambire pa phiri, zigwa zibwere pambuyo. Anayamba kuwonjezera mawu okhudza mkono wa diresi. Asanamalize, sikirini inangoti phi!

Nyali ya kudenga inali chiyakire. Panja magetsi analipo. Kenaka anamva kafungo ka simbi ikuyamba kutentha.

"Azakhali! Mwazula chiyani?"

"Chimodzi chokha, mwanawe. China ndakusiyira. Kodi mapulagi awiri onsewa ndi a chinthu chimodzi? Dyera lake!"

Mkwatibwi anagwa ndi phwete mpaka kugwira m'mimba. Telala naye anaseka, n'kubwezera pulagi. Kompyuta inadzuka bwinobwino. Koma atadina kaundula, panatuluka kabokosi ka mawu achizungu. Anadinanso. Kabokosi komweko.

"Ikuti chiyani?" anafunsa Mayi.

Mkwatibwi anawerenga, kuseka kuja n'kuuma pakamwa. "Ikuti fayilo yawonongeka. Sikuizindikira."

"Siikuizindikira bwanji, chikhalirecho yakhala nayo zaka zitatu?" anatero Azakhali. "Tamenyani pambalipo."

Telala anaimbira Wamakompyuta, bambo amene anamuikira kaundulayo. Bamboyo anati ali kutali kokaona mayi ake odwala, abwera Lolemba.

"Musaikhudzenso," anatero. "Kutsegulatsegulako ndiye kuipheratu. Koma musade nkhawa, si ndinakuuzani kuti muzikopera pa fulashi Lachisanu lililonse? Tengani ya pa fulashiyo."

Telala anatembenuka kuyang'ana pa msomali pamene fulashi imakhala. Panalibe. Anayang'ana Mkwatibwi. Mkwatibwi anayang'ana kudenga.

"Achemwali, inali yodzadza," anatero ndi mawu a mwana wakuba shuga. "Ndiye ndinafufutamo kuti mulowe nyimbo za ukwati."

Mayi anaika batani pansi, n'kuyamba kuwerenga ndi zala. "Mlamu, chingwe. Azakhali, pulagi. Mkwatibwi, fulashi. Atatu mwagwirizana popanda msonkhano. Kukanakhala kulima, bwenzi tili olemera."

Anaseka onse, Telala yemwe, ngakhale kuti kwake kunali kuseka kwa munthu amene madzi afika m'khosi. Kuimbira a kuchimuna kuti adziyeze okha sikukanatheka. Choyamba, kunali kuulula kuti kuno kulibedi manja. Chachiwiri, ndi mzimayi uti amene anganene chiuno chake choona pa foni?

Anayesa kukumbukira. Azakhali anadzikulunga nsalu zotsala m'mimba, n'kukweza chibwano, n'kuyamba kuyenda ngati mayi a mkwati akuyendera kalasi. "Ndiyeze, mtsikana iwe, koma usandigwiregwire!" Mkwatibwi anaseka mpaka misozi. Koma kuseka sikudula nsalu. Pa miyeso yonse ya anthu asanu ndi anayi, Telala ankakumbukira umodzi wokha: chiuno cha mayi a mkwati, 44. Ankaukumbukira chifukwa mayiwo anamuyezetsa kuseri kwa katani, n'kumulumbiritsa kuti nambalayo isatuluke pakamwa pake.

Nthawi inapita. Wometa wa pafupi anatseka. Wosoka nsapato anakoka chitseko chake chachitsulo. Magalimoto anayamba kudutsa mwa apo ndi apo, kenaka analekeratu. Mphepo yozizira inayamba kulowera pansi pa chitseko. Palibe anatchula zopita kunyumba. Telala anangokhala moyang'anizana ndi kabokosi kaja, manja ali m'chibwano.

Ndi pamene anamva kugogoda.

Go-go. Go-go-go.

Sikunali kukhomo la kumsewu. Kunali kukhomo la kuseri.

Khomo limenelo limatulukira m'kanjira kopapatiza pakati pa makoma awiri. Kumapeto kwake kuli geti limene mwini nyumba analimanga ndi tcheni zaka zapitazo, kiyi n'kutaya. Kumeneko Telala amangothirako madzi a mopu. Kulibe amene amadutsako, ngakhale mphaka.

Go-go. Go-go-go.

"Ndani?" anafunsa Telala.

"Odi kuno. Ndamva kuti kaundula wagwa."

Mawu ake anali ofatsa, aulemu, a munthu wozolowera kupempha malo. Telala anapuma. Anati basi, Wamakompyuta watuma mnzake. Wamva m'mimba ndi amene amatsegula chitseko. Anachotsa mpiringidzo.

Panja panaima bambo wowonda, wa msinkhu wapakati. Malaya ake anali a manja aafupi, kuzizira konseko. M'thumba la pachifuwa munali cholembera ndi kasikuludiraiva. Chikwama analibe. Telala anayang'ana pansi, monga amachitira pofuna kuona kutalika kwa buluku la munthu. Kanjira konse kanali matope. Nsapato za bamboyo zinali zowala ngati zangotuluka m'bokosi.

"Mwaswera bwanji, Mayi? Mwaswera, a Telala? Mkwatibwi, mafuno abwino." Anatembenukira kwa wachinayi. "Azakhali, simbi ija yazizira?"

"Aa! Mbiri yanga yafika kale m'tauni monse?" anatero Azakhali, akukonza duku. "Khalani apa, bambo. Mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa."

Bamboyo anakhala pa mpando wa Telala. Mpandowo ndi wolira, ngakhale mwana akhalepo umadandaula. Sunalire.

"Tisanachite kanthu, tikopere kaye," anatero. "Wodwala sitimuchita opaleshoni tilibe wina wosungira. Fulashi ilipo?"

Mkwatibwi anaitulutsa m'chikwama, nkhope ili pansi.

"Nyimbo zanu sindikhudza. Pali kamalo kokwanira."

Anakopera fayilo yowonongekayo kawiri, kwina pa fulashi, kwina pakona ina ya kompyuta. Zala zake zinkayenda pa mabatani mwachangu, koma Telala sankamva phokoso lake. Ankangomva wotchi ya pakhoma.

"Taonani apa, a Telala."

Pafupi ndi fayilo ya kaundula panali kafayilo kena kakang'ono, ka dzina lomwelo. Telala anali asanakaonepo.

"Aka kamabwera munthu akalowa m'kaundula, n'kuchoka iye akatuluka. Ndiye kompyuta yanuyi ikuganiza kuti mkatimo mudakali munthu."

"Munthu wake uti?" anatero Azakhali. "Tonse tili pano."

"Amene anali mkati pamene kunkada. Sanapeze mpata wotsanzika." Anamwetulira pang'ono. "Zimawachitikira ambiri."

Anakafufuta kafayiloko. Telala anamva kuzizira kukukwera m'miyendo, koma anati ndi chitseko chija.

Mayi anatuma Mkwatibwi kuti athire tiyi wa m'fulasiki. Bamboyo analandira kapu ndi manja awiri, n'kuifungatira pachifuwa. "Muno ndiye mukutenthera bwino," anatero. Kukamwa sanaifikitse.

Kenaka anatsegula kaundula watsopano, wopanda kanthu. Anati nyumba ikang'aluka sumatsutsana ndi ming'alu, umamanga ina pambali n'kusamutsa anthu mmodzimmodzi. Anayamba kusamutsa.

Dzina loyamba linatulukira, miyeso yake yonse ili pambali. Kenaka lachiwiri. Kenaka anayamba kutsika ngati anthu otuluka m'basi. Namwino wa kuchipatala. Mkazi wa wometa. Ana a sukulu a mayunifomu a chaka chatha.

"Ndi awo! Ndi awo!" anakuwa Mkwatibwi.

A kuchimuna nawo anayamba kufika. Mlongo wa mkwati. Azakhali a mkwati. Mayi aang'ono awiri. Dzina lililonse likatuluka, Azakhali ankaomba m'manja n'kulilonjera ngati munthu: "Takulandirani! Mwayenda bwanji? Kunali bwanji kumdimako?" Mkwatibwi anagwira chidole chopachikapo zovala n'kuyamba kuvina nacho pakati pa shopu. Mayi ankawerenga mokweza. Asanu. Asanu ndi mmodzi. Asanu ndi awiri. Asanu ndi atatu.

Pamenepo zinaima.

Mzere wotsiriza unabwera, koma sunali wa munthu. Munali timabokosi, timitanda, tizilembo tokhota ngati mapazi a nkhuku pa ufa.

"Uwu ndi umene unali wotsegula," anatero bamboyo. "Unaduka pakati, ngati msoko wothera ulusi. Makina sangaubweze."

Asanu ndi atatu abwera, wosowa n'kukhala yemweyo amene Telala ankamuopa.

"Musagwe mphwayi," anatero mlendoyo. Anatsegula mzere watsopano n'kuyamba kulemba. Dzina la mayi a mkwati, lonse, ndi la pakati lomwe. Phewa. Chifuwa. Dzanja. Kutalika. Sanayang'ane paliponse. Sanafunse munthu. Nambala iliyonse ikagwa, Telala ankamva m'mutu mwake kuti inde, inali imeneyo. Atafika pa chiuno analemba 47.

"Ayi, pamenepo mwalakwa," anatero Telala, lumbiro lija ataliiwala. "Ndi 44. Ndinayeza ndekha."

"Munayeza bwino. Koma anakoka mpweya."

"Bambo?"

"Inu munkayang'ana tepi. Nkhope simunaiyang'ane. Analankhulapo mawu muli kuseri kwa katani?"

Telala anakumbukira. Mayi aja sanayankhe funso lililonse mpaka tepi itachoka. Atatuluka, anakhala pansi n'kupempha madzi.

Azakhali anaseka mpaka kutsamira khoma. "Fote-seveni! Aphunzitsi aakulu kubera mayeso!"

Koma Telala sanaseke. Kuseri kwa katani kuja anali awiri okha.

"Zimenezi mwaziona m'makinamu?" anafunsa chapansipansi.

"Ayi. M'makinamu munali 44."

Wotchi inapitiriza kugunda.

"Tsopano tiizimitse mwaulemu, tiiyatsenso, tione ngati yagwira," anatero bamboyo.

Sikirini inada. Ikada, sikirini imeneyo imakhala ngati galasi. Telala anali ataima kumbuyo kwa mpando, ndiye anadziona, tepi ili m'khosi. Anaona Azakhali kumanzere akupukuta misozi ya kuseka. Anaona Mkwatibwi atakumbatira chidole chija. Anaona Mayi pakona. Anaona nsana wa mpando, mipiringidzo yake itatu, yonse bwinobwino.

Pampandopo panalibe munthu.

Anatsitsa maso. Mutu wa bamboyo unali pomwepo patsogolo pake, ndi kadazi kakang'ono pakati. Anakwezanso maso. Mpando wokhawokha, ndi kapu ili m'malere.

Anafuna kukuwa. Koma Mkwatibwi anali akuimba, ndipo ukwati unali Loweruka. Telala anatenga mapini awiri pa diresi lake n'kuwaluma, monga amachitira akamayesa munthu chovala. Munthu woluma mapini safunsidwa chifukwa chimene wakhalira chete.

Kompyuta inayaka. Kaundula anatseguka popanda kabokosi. Mizere yonse inalipo.

Azakhali analiza nthungululu pakati pa usiku, agalu a kutali n'kuyankha. Telala anayang'ana pakona. Mayi sankaomba m'manja. Maso awo anali pa sikirini, kenaka anabwera pa iye. Telala anadziwa kuti nawonso aona.

Mayi anaimirira pang'onopang'ono, n'kukonza nsalu yawo.

"Bambo, mwatigwirira ntchito yaikulu. Pakhomo pathu munthu satuluka chimanjamanja. Tikupatseni chiyani?"

"Ndalama ndilibe nazo ntchito, Mayi."

"Ndiye tchulani china. Tisagone ndi mangawa."

Bamboyo anaika kapu pathebulo, tiyi ali wodzadza. Anasisita mikono yake yowondayo.

"Kumene ndimakhala kumazizira. A Telala atandisokerako jekete, ya nsalu yokhuthala. Osafulumira, ayambe amaliza za ukwati."

Telala analavula mapini m'dzanja. Anachotsa tepi m'khosi, poti ntchito ndi ntchito.

"Musavutike," anatero mlendoyo. "Ndalemba kale."

Anawerama kwa aliyense, n'kutulukira kumene analowera. Telala anatchera khutu kuti amve tcheni cha pageti. Sanamve kanthu. Anatenga tochi n'kuunika m'kanjiramo. Matope anali osalala kuyambira pakhomo mpaka pageti, ndipo tcheni chinali chimangire ndi dzimbiri lake.

"Munthu waulemu bwanji!" anatero Azakhali m'kati. "Kodi ali pabanja? Mphete sindinaione. Inu bwanji simunafunse kumene amakhala?"

"Ananena," anayankha Mayi. "Kozizira."

Pansi penipeni pa kaundula panali mzere wina watsopano. Malo a dzina anali opanda kanthu. Panali phewa, chifuwa, dzanja ndi kutalika kwa jekete la munthu wowonda.

Kunja kutayamba kuyera, Azakhali ndi Mkwatibwi anali akuliza mkonono pa mulu wa nsalu. Telala anaima pathebulo, choko m'manja, nsalu ya mayi a mkwati ili patsogolo pake. Sizasi sibwerera m'mbuyo. Chiuno chokula chimapindidwa, koma phewa likalakwika ndiye kuti diresi lonse lapita, ndipo nambala zonse za mzere umenewo zinachokera m'manja mwa munthu wosaoneka pa galasi.

"Amayi, ndidule?"

"Wakunamiza pa asanu ndi atatu aja?"

"Ayi."

"Wapempha chiyani choipa?"

"Jekete."

"Munthu wofuna kukupweteka sapempha jekete. Dula, mwanawe."

Telala anadula.

Dzuwa litakwera, Wamakompyuta anaimba kufunsa ngati agona. Telala anamuthokoza chifukwa cha mnzake uja.

"Mnzanga uti? Ine sindinatume munthu."

Telala anamufotokozera zimene zinachitika pa kompyuta, kuyambira kukopera mpaka kusamutsa mizere. Za galasi sananene.

"Ndi mmene ndikanachitira inenso," anatero bamboyo. "Koma ine zikananditengera tsiku lonse. Mukamuonanso mundipatse nambala yake."

Lachinayi ndi Lachisanu makina sanapume. Azakhali anasita madiresi onse asanu ndi anayi kunyumba kwa eni nyumba, chifukwa m'shopu analetsedwa kuyandikira khoma. Mkwatibwi anagula fulashi yatsopano n'kuimangirira pa msomali ndi ulusi wa nsapato.

Loweruka m'mawa basi inafika. Amayi a kuchimuna anadzadza m'shopu, fumbi la ulendo lili m'mapazi. Asanu ndi atatu anavala, n'kuyamba kukanganirana galasi, aliyense akuti lake ndiye laposa. Mayi a mkwati analandira lawo. Analitembenuza, n'kuyang'ana msoko wa mkati ngati akuchonga kope la mwana. Analowa kuseri kwa katani.

Telala anaima panja pa kataniyo. Anamva nsalu ikukhuluzika.

"Mtsikana, bwera unditseke."

Analowa. Anagwira zipi. Anadikira kuti mayiwo akoke mpweya, koma ulendo unawatopetsa, anaiwala. Zipi inangoti zwii mpaka m'khosi, osaima paliponse.

Mayi a mkwati anatuluka n'kuima pa galasi. Anakweza mkono. Anautsitsa. Anakhala pampando, n'kuimiriranso. Anapuma mpweya wonse mpaka pansi pa mimba. Diresi linawagwira ngati anabadwa nalo.

"Chiuno ndinati 44, si choncho?"

"Eee, mayi. 44 yeniyeni."

Anayang'anizana pa galasipo. Pakona pa mlomo wa mphunzitsi wamkulu panayamba kugwedezeka. Kenaka chinaphulika chikhakhali chimene ana awo omwe anati sanachimvepo chibadwire.

"Kuno kuli manja," anatero, akupukuta m'maso. "Ndi maso omwe. Bwera kuno, mwana wanga."

Ku holo, mayi amenewo anavina nyimbo zonse za pa fulashi ija, kuyambira yoyamba mpaka yomaliza. Anawerama mpaka pansi kawiri, msoko osalira. Anadya mbale ziwiri poyera. Anamugwira Mkwatibwi dzanja n'kuzungulira naye holo yonse akuuza anthu kuti uyu si mpongozi, ndi mwana wanga wamkazi. Azakhali anavina nawo moyang'anizana, ndipo m'kuvina konseko nambala ija sanaitchule, chimene kwa Azakhali ndi chozizwitsa choposa zonse za sabata imeneyo.

Nkhani ya mlendo inayenda mumsewu monse, poti Azakhali anaifotokozera aliyense pofunsa ngati akumudziwa bambo wa kadazi. Wometa akuti anali wakuba amene anabwera kudzaona kompyuta, n'kuchita manyazi ataona tiyi. Mlonda wa mumsewumo akuti iye sanaone munthu, koma mlonda ameneyo saona kanthu ikangokwana teni. Wosoka nsapato, amene wakhala mumsewumo kuposa onse, anadikira kuti anthu achoke, n'kumuitana Telala pambali. Anati shopuyo isanakhale ya zosoka, munali bambo wina wokonza makina a m'maofesi. Anali wowonda, wosakwatira, wosadziwa kukana ntchito. Usiku wina wa chisanu magetsi anazima iye ali pakati pa ntchito ya munthu. M'mawa anamupeza atakhala pampando, ali ndi malaya a manja aafupi.

"Ine sindinanene kuti ndi yemweyo," anatero wosoka nsapato. "Ndangonena za nyumbayo."

Tsono zimene zinabwezedwa ndi izi. Wamakompyuta anabwera Lolemba, anayendera kaundula yense, anapeza ali bwino, ndipo anapatsidwa zikomo wake ngakhale sanagwire kanthu. Eni nyumba anasokeredwa makatani chifukwa cha soketi yawo. Mayi a mkwati atumiza kale nsalu zina ziwiri, ndi uthenga woti miyeso ndi yomwe ija.

Chotsala ndi chimodzi. Jekete linasokedwa sabata yotsatira, la nsalu yokhuthala yotuwa, la kansalu kofunda mkati, ndi thumba la pachifuwa lokwana cholembera ndi kasikuludiraiva. Telala anatsata miyeso ya mzere wopanda dzina uja osasintha kanthu. Lili pa msomali pafupi ndi khomo la kuseri, m'pepala la pulasitiki kuti lisagwire fumbi. Anthu atatu afunsa kuti aligule, ndipo onse auzidwa kuti lili ndi mwini wake. Mpaka lero mwini wakeyo sanabwere.

Ndiye ngati alipo womudziwa, amuuze kuti katundu wake anatha kalekale, ndipo chisanu chayandikira. Agogode komwe anagogoda. Pakhomo pamenepo sadya thukuta la munthu, kaya ndi wamoyo, kaya ndi wa mtundu winawo.